Galu wa ku Hotela

Lolemba m'mawa, Nesi anapeza loko wa chipinda chakumapeto atadulidwa. Galu munalibe. Anaimbira apolisi.

Nesi anali wothandizira dokotala wa ziweto pamalo osungira agalu osowa eni ake. Chipinda chimenecho antchito ankachitchula kuti "ku hotela", poti galu wa mmenemo amagona yekha, amadya yekha, sakhudzidwa. Koma sunali ulemu ayi. Ankatsekeramo galu woganiziridwa chiwewe, ndipo wobedwayu anali atayamba kale kuchucha dovu ndi kukana madzi.

Wapolisi anafika 8 koloko.

"Angabe galu wodwala ndani?"

"Wosadziwa kuti akudwala, bwana," anayankha Nesi.

Mlonda anati Lamlungu masana, akuchokera kokadya, anaona njinga yamoto yofiira ikuchoka, kumbuyo atamangako thumba lalikulu.

Nesi anaizindikira pomwepo. Njinga yofiira inali ya mlamu wake, wogulitsa agalu olondera. Lachisanu, pocheza kwa mkulu wake, Nesi yemweyo ndi pakamwa pakepo anaseka kuti, "Kwathu kuli galu wa ku hotela, munthu wamba samukhudza." Mlamuyo anatchera khutu. Ndipo panyumba paja panali kamtsikana ka zaka zinayi, kokumbatira galu aliyense.

Nesi anaimba foni kunyumbako katatu. Osayankha.

Nesi ndi wapolisi anafika kwa mlamuyo 9 koloko isanakwane. Mlamu anatuluka dzanja lili m'thumba.

"Galu ali kuti?" anafunsa wapolisi.

"Galu wanji, bwana?"

"Alamu, ali ndi chiwewe!" anakuwa Nesi. "Hotela ndi chipinda cha chiwewe!"

Bamboyo anatulutsa dzanja pang'onopang'ono. Linali lomanga nsanza yamagazi. Anakhala pansi n'kuloza kuseri kwa nyumba.

Galu anali pa tcheni, maso ali psuu, akuluma mpweya. Pafupi pake panali kambale ka pulasitiki ka mwana.

Nesi anaitana mwanayo, anagwada, n'kumuvula diresi. Anayang'ana khosi, msana, miyendo, chala chimodzichimodzi. Pachala chaching'ono panali kachilonda katsopano. Anakatsuka ndi sopo pampopi, misozi ikugwera m'madzi momwemo.

Unyolo wa wapolisi unalira m'manja mwa mlamu.

"Mudzere naye kuchipatala kaye," Nesi anauza wapolisi, osamuyang'ana mlamuyo. "Abayidwe jakisoni wa chiwewe lero lomwe."

Anabereka mwanayo n'kuthamangira kugalimoto ya polisi, mkulu wake akulira pambuyo. Ali kumsanako, mwana anamunong'oneza.

"Amayi aang'ono, musamukalipire galu uja. Dzulo ndinam'patsa madzi, anangondinyambita pachalapa."