Jekete Long'ambika Kukhwapa

Kasingano anatsika basi kudziko la eni miyendo itatupa ngati mitsamiro. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala ake, poti mtsikanayu akasoka chovala, msoko wake umachita kuufufuza utavala magalasi.

Ulendo wonsewu unali wa chinthu chimodzi: nsalu ya diresi la ukwati wa mng'ono wake. Ndalama zimene banja lonse linasonkha anazisokerera m'kati mwa jekete lake, kunsi kwa thumba. Jeketelo sankalivula, ngakhale dzuwa liwotche bwanji.

Padepoti aliyense ankayankhula zosamveka. Kasingano anangoima, chikwama chili pachifuwa.

"Chemwali, mwasochera kapena mukudikira ine?"

Chiyankhulo cha kwawo! Atacheuka anaona mnyamata wamtali, wandevu zoduliridwa bwino, wonunkhira ngati sitolo ya sopo.

"Ndikufuna kogulitsa nsalu, achimwene."

"Achimwene? Mwandipha ndisanayambe n'komwe! Bweretsani chikwamacho, manja okongola chonchi sanyamula katundu."

Wandevu uja anamupezera chipinda chotchipa, anamukweza basi yoyenera, mpaka anamuphunzitsa kunena zikomo m'chiyankhulo cha eni dziko. M'mawa mwake foni inalira.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Zaka zisanu ndili kuno mtima wanga unali nyumba yopanda munthu. Dzulo mwini wake wafika."

Kasingano anauwerenga uthengawo mpaka batire linatsika. Mumuimbe mlandu? Kwawo anyamata ankabwera kwa iye ndi mathalauza othetheka kumatako basi, mawu okoma ayi!

Tsiku limenelo anazungulira masitolo onse. Nsalu yoyera yonyezimira anaipeza, koma wandevu anamugwira dzanja.

"Usagule lero, wapamtima. Mawa kufika yatsopano. Ndipo ugule yambiri, yotsalayo udzavale paukwati wathu."

"Iii, inunso!"

"Ndikulumbira! Chaka chino sichitha ndisanagwade pamaso pa amayi ako."

Atakhala pansi kuti adye, mnyamatayo anatsitsa mawu.

"Koma ndalama usamayende nazo m'chikwama. Kuno akuba ndi ambiri, ndikukuopera."

Kasingano anaseka mpaka kutsamwa.

"Akuba a kuno ndi ana. Ndalama zili pathupi pangapa. Tazipezani ngati muli mwamuna."

Wandevu anapapasa kolala, anapapasa mikono ya jekete, anagwedeza mutu. Apa m'pamene mtsikana wanzeru akanangotseka pakamwa. Koma telala wake uti amene amapirira ntchito yake isanayamikiridwe? Anatenga chala cha mnyamatayo n'kuchiika pamsoko penipeni.

"Apa. Ngakhale amayi anga analephera."

"Manja ako ndi agolide, mayi wa ana anga!"

Tsiku lachitatu anakumana pabenchi, pafupi ndi sitolo ija. Dzuwa linali likuphika anthu. Wandevu anakweza mkono, nkhope ili yachisoni. Jekete lake linali litang'ambika kukhwapa.

"Taona manyazi awa. Ndiyenda nawe bwanji chonchi, duwa langa?"

"Vulani msanga." Singano ndi ulusi zinali kale m'manja.

"Nawenso vula lakolo, ukusamba thukuta. Ndikugwirira. Ndikakugulire chakumwa chozizira?"

Anapita, jekete la Kasingano lili pamkono, akumuponyera kisi m'mwamba.

Mtsikana anasoka, anthu inu! Anasoka ndi mtima wonse, msoko wa chikondi. Atamaliza analimbitsanso mabatani onse, ngakhale sanamutume. Kenako anayamba kuyang'ana kumsewu.

"Muli kuti, wokondedwa?" analemba. Uthenga sunapite. Anaimba, foni yozima. Anaimbanso. Anaimbanso!

Mayi wina wogulitsa zipatso pambali pa benchiyo anatsokomola, n'kumuyankhula m'chiyankhulo cha kwawo.

"Mwana wanga, pita ukapume. Ameneyo sabwera."

"Wangopita kukagula chakumwa, mayi."

"Ee, amapita kukagula chakumwa mwezi uliwonse. Wina anamusiyira foni yakufa, wina chikwama chodzaza manyuzipepala. Iwe wakusiyira chiyani? Jekete? Bola iwe, ufunda."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinatsokomola katatu. Iwe mano onse anali panja."

Kasingano anafuna nthaka itseguke. Misozi inagwera pajekete la wakubayo, ndipo mwachizolowezi anaipukuta kuti isadetse nsalu. M'chikwama munatsala pasipoti, tikiti yobwerera ndi ulusi woyera.

Foni inalira. Mwina ndi wandevu uja! Anali amayi ake.

"Wagula? Mng'ono wako ali pompano, sakukhazikika."

"Amayi... andibera."

"Mayo ine! Akupweteka? Anali ndi mipeni?"

Bodza linali lokonzeka palilime: amuna anayi, mipeni italiitali. Ndani akanatsutsa?

"Sanandipweteke. Atenga jekete."

Amayi ake si munthu wopusitsika.

"Jekete lija unkagona nalo? Analivula bwanji pathupi pako? Ndipo anadziwa bwanji kuti muli kanthu, poti ine ndinafufuza mpaka maso kuwawa?"

"Ndinamuonetsa ndekha, amayi."

"Unamuonetsa? Mwamuna?"

"Ee."

"Wokongola?"

"Amayi!"

"Ndikufunsa kuti ndidziwe chowauza amalume ako."

Kumbuyo kunamveka mawu a mng'ono wake, osangalala, osadziwa kanthu: "Afunseni ngati ili yonyezimira! Ndipatseni ndiyankhule nawo!"

"Amayi, chonde, muuzeni ndinu," Kasingano ananong'ona.

"Ayi, mwana wanga. Pakamwa pako pamagwira ntchito bwino kudziko la eni. Nayu m'bale wako."

Foni inasintha manja.

"Achemwali anga okondedwa! Mwandipezera?"