Mpunga wa ku Kalabo

Ketty Chalwe anakumana ndi Webster Mpundu pa siteshoni ya minibasi ku Lilanda, mumzinda wa Lusaka, mu Januwale 2023. Mvula inali itagwa m'mawa wonse, msewu wa ku Matero utasanduka mtsinje. Ketty anaima pa mwala, nsapato zili m'manja, akuchedwa ku saluni komwe ankaluka tsitsi. Minibasi zinkadutsa zodzaza, zikumuwaza matope.

Njinga yamoto inaima patsogolo pake.

"Ba sisita, muzaimilila pa mwala mpaka mvula isile mu Epulo?" anafunsa mnyamata woyendetsa njingayo.

"Nanga ni mwala wanu?"

"Awe. Koma honda ni yanga. Kwelani."

"Siningakwele vinthu va mawilo yabili ine. Nifuna kukalamba na mano yonse."

Mnyamatayo anaseka, navula chisoti chake n'kumuveka. Anamuphunzitsa kuti pa njinga yamoto munthu amakwera ndi kutsikira kumanzere, chifukwa kumanja kuli ekizozi, paipi yotentha yotulutsa utsi.

"Mukamvela mantha, gwilani ine," anatero.

Ketty anagwira. Atafika ku saluni, anachedwa kumusiya.

Pofika mu Febuluwale, ulemu wa "ba sisita" unali utatha. Webster ankamutchula "pasenja wanga namba wani", ndipo anamugulira chisoti chakechake, chofiira. Anakonza yekha lamba wa pachibwano kuti amukwane.

"Ichi ni chako weka, switi. Kumbuyo kwanga ni malo yako mpaka nikafe."

Ndi mtsikana uti akanapanda kusungunuka?

Ntchito ya Webster inkatsata nyengo. M'dzinja ankaperekeza katundu wa anthu m'makomboni a Lusaka. Mvula ikatha, mu Meyi, ankapita ku Kalabo, kumadzulo kwa dziko. Kumeneko alendo okaona nyama ku chigwa cha Liuwa amawoloka mtsinje wa Luanginga pa pantuni, ndipo tsidya linalo kuli mchenga wokhawokha. Amene alibe galimoto zamphamvu amakwera njinga zamoto. Webster ankanyamula alendo kuchokera pa pantuni kukawatula pa kampu ina ya kumudzi. Madzi akayamba kudzaza chigwa mu Disembala, ankabwerera ku Lusaka.

Miyezi ya chilimwe Ketty ankakhalira mauthenga a pafoni.

"Mwauka bwanji mfumukazi yanga? Kuno ni muchenga na ng'ombe chabe. Kulibe mukazi olo umozi wofika pa chala chako."

"Siku lina nizakutenga pa pantuni neka, nikufikise pa kampu monga muzungu. Uzaona nyumbu zambili kuchila banthu ba mu Kanyama!"

Mu Disembala Webster anabwera ndi thumba la mpunga wonunkhira.

"Nasankha neka timiyala, kamozi kamozi, niganizila mano yako yamene ufuna kukalamba nayo," anatero.

Ketty anaseka mpaka misozi. Mnzake wa ku saluni, Sophia, sanaseke.

"Iwe, mwamuna wa miyezi faifi pa chaka ni mwamuna olo ni mango?" anafunsa Sophia.

"Jelasi izakupaya, Sophia."

Pa 14 Febuluwale 2024 Webster anamuveka mphete. Amalume ake a Ketty, ba Chisenga a ku Matero, amene anamulera, anapereka tsiku: Loweruka pa 7 Disembala nkhoswe ya Webster idzabwere ndi mbale ya ndalama za mwambo kudzafunsira mbeta. Ba Chisenga anauza mpingo wonse ndiponso abale a ku Kitwe.

Asananyamuke mu Meyi, Webster anapempha chinthu chimodzi.

"Kuli ba gogo bamene baniphikila ku kampu. Basankhile ko chitenje, iwe uziba va banakazi."

Ketty anazungulira msika wonse wa Matero. Anasankha chitenje chabuluu cha nkhanga zachikasu, cholimba, choyenera munthu wamkulu wosamala Webster.

Chaka chimenecho kunali chilala. Komabe mu Julayi mpunga unafika pa basi, wochepa, m'kathumba ka shuga. Ketty anaphikako kamodzi, wotsalawo anausunga m'chitini kuti adzaphikire nkhoswe pa 7 Disembala.

Magetsi ankazima tsiku lonse, makina oumitsa tsitsi ali chete. Mu Okutobala mwini saluni anatseka kwa sabata. Ketty anaganiza zomudzidzimutsa wokondedwa wake. Kudikiranji Disembala pamene msewu ulipo?

Ananyamuka Lachinayi pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu, chisoti chofiira chili pamiyendo. Anagona ku Mongu. Lachisanu m'mawa anali pa doko la Kalabo.

Pantuniyo inali thandala lachitsulo loyenda ndi chingwe. Amuna ankakoka, madzi akuyenda pang'onopang'ono pansi pawo. Tsidya linalo njinga zamoto zinali pamzere pansi pa mtengo. Ketty anayang'ana nkhope iliyonse. Webster panalibe.

Woyamba pamzere anali bambo wa imvi dzina lake Pumulo, yemwe anagwirapo ntchito ya ulonda ku Kanyama ndipo ankayankhula Chinyanja.

"Muyenda kuti, mayo?"

"Ku kampu kwamene basebenza ba Webster."

Bamboyo anamuyang'anitsitsa, kenaka anawomba m'manja.

"Ndimwe ba Ketty! Nkhope yanu ili pa foni yake, tonse tiiziba. Bapeleka muzungu kuona nyoni, bazabwela masana. Kwelani, imwe simulipila. Ba banja la munzathu sitibalipilisa pano."

Mtima wa Ketty unavina. Ngakhale kuno ankadziwika!

Ba Pumulo anaphwetsako mpweya m'matayala kuti njinga isamire mumchenga. Anayenda kudutsa m'nkhalango ya mitengo yaifupi, njinga ikugwedezeka ngati bwato. Pamene mchenga unazama, Ketty ankatsika n'kuyenda wapansi, nsapato zikudzaza moto. Anatsikira kumanzere nthawi zonse.

"Bakuphunzisani bwino ba kalongosi banu," anatero ba Pumulo.

Injini inkalira kwambiri. Ketty anaganiza kuti sanamve bwino. Kalongosi? Mlongo wake ndani?

Kampu inali matenti angapo pansi pa mitengo ikuluikulu. Ba Pumulo sanaime pamenepo. Anapitirira mpaka pa nyumba ziwiri zaudzu zozunguliridwa ndi mpanda wa bango, naliza hutala n'kufuula m'Chilozi.

Mkazi anatuluka. Anali wamng'ono kuposa Ketty, wamtali, wodekha nkhope, ali ndi pakati poonekera. M'chiuno anali atamanga chitenje chabuluu cha nkhanga zachikasu.

Ketty anachiyang'ana. Anachidziwa mpaka ulusi wa m'mphepete.

Mkaziyo anagwada pamchenga ngakhale anali wolemedwa, nawomba m'manja mwaulemu monga achitira Alozi polandira munthu wamkulu.

"Mulamu! Mwabwela, mulamu wanga!" anatero m'Chinyanja chophunzira kwa mwamuna. "Ndine Inonge, mukazi wa ba Webster. Nsalu yanu iyi, navala lyonse. Zikomo."

Ketty anakhala pa mpando umene anapatsidwa.

"Mupunga munalandila?" Inonge anapitiriza, akumwetulira mwamanyazi. "Pepani unali ung'ono, mvula inatikana. Ba Webster banati siya, koma ine nati awe, mulamu ni umozi chabe. Nasankha neka miyala. Banati mukonda mano yanu."

Ngakhale nthabwala ija! Webster anatenga mawu a tsiku lawo loyamba n'kukawapatsa mkazi wina ngati malangizo a ntchito. Kodi panali chiyani chimene chinali cha Ketty yekha?

Kwawo kwa Inonge, mlongo wa mwamuna amalandiridwa ndi nkhuku. Inonge anapita kuseri kwa nyumba kukagwira tambala. Apo n'kuti njinga ina ikulowa pampanda.

Webster anaona chisoti chofiira asanaone mwini wake. Anazimitsa injini, koma sanatsike msanga.

"Bebi," ananong'ona atafika pafupi, "wabwela bwanji osaniuza?"

"Ba gogo bako ni aba?"

"Nakupapata, Ketty. Ali na mimba ya miyezi faifi. Nkhala chabe sisita wanga lelo. Lelo chabe! Nizakulondolola vonse pa pantuni. Uyu ni mistake, iwe ndiwe wa pamutima."

"Mistake inayamba liti?"

Webster anayang'ana pansi.

"Mu 2021."

Choncho Ketty sanaberedwe mwamuna. Iye ndiye anali wobwera pambuyo, mkazi wa dzinja, wosungira munthu malo mpaka madzi aphwe m'chigwa.

Inonge anabwerera, tambala ali m'khwapa, mpeni uli m'dzanja. Ketty anamuyang'ana. Akanatha kukhala chete, kudya nkhuku, kuitanidwa "mulamu" mpaka madzulo. Mkazi wapakati akanagona mwamtendere. Koma adye bwanji nkhuku ya munthu amene anadzimana mpunga m'chaka cha njala chifukwa cha bodza?

"Ba Inonge, siyani nkhuku," anatero. "Ine sindine mulamu wanu. Webster alibe sisita."

"Ketty!" Webster anakuwa.

Ketty anatambasula dzanja, mphete inawala padzuwa.

"Ananivalika mu Febuluwale. Pa 7 Disembala banthu bake bafunika kubwela kwa ba malume banga ku Matero."

Inonge sanalire. Anayang'ana mphete, anayang'ana mwamuna wake, kenaka anamasula tambala. Tambalayo anathawa akulira yekha.

"Mvula ikabwela," anafunsa pang'onopang'ono, "bankhala kwanu?"

"Ee."

"Ine banati bagona mu galaji na honda."

"Inonge, mami, mvela..." Webster anayamba. Inonge anamuyankha mawu awiri okha m'Chilozi. Ketty sanawamve, koma ba Pumulo anatembenuza nkhope, ndipo Webster anatseka pakamwa.

Inonge anayamba kumasula chitenje.

"Tengani nsalu yanu."

"Awe, valani. Ninagula na mutima umozi."

"Naine mupunga ninatuma na mutima umozi."

Anayang'anana akazi awiriwo. Ketty anavula mphete, naiponya m'chisoti chofiira, n'kuchikoleka pa chiwongolero cha njinga ya Webster.

"Malo yako ya kumbuyo, yapase wamene ufuna," anatero. "Ba Pumulo, nibwezeni. Manje nizalipila, sindine wa banja."

Ulendo wobwerera sanauone. Misozi inasakanizika ndi mchenga. Atafika pa doko, pantuni inali pafupi kunyamuka, ndipo kumbuyo kunamveka injini imene ankaidziwa kulira kwake pakati pa njinga zonse za mu Lusaka. Ketty anadumpha mofulumira. Anatsikira kumanja.

Ekizozi inamuwotcha pa katumba wa mwendo. Anamva khungu likupsa, koma sanaime. Anathamangira pa pantuni, nagwira chingwe n'kuyamba kukoka pamodzi ndi amuna.

Webster anafika madzi atalowa kale pakati pawo.

"Ketty! Pasenja wanga! Bwela tikambe!"

Ketty anakoka chingwe osacheuka.

Asanafike ku Mongu uthenga unalowa: "Switi, mvula ikayamba nizabwela, tizakonza vonse. Nikukonda kuchila moyo." Anauwerenga kamodzi, natseka nambalayo.

Kuuza ba Chisenga ndiko kunali kowawa kwambiri. Bambo wamkuluyo anamvetsera, kenaka anavala jekete n'kupita yekha kwa abusa kukafafaniza tsiku limene analengeza ndi pakamwa pake. Sophia sananene kuti anamuchenjeza. Anangomutsuka bala tsiku ndi tsiku mpaka linapola, n'kusiya chipsera chakuda.

Loweruka pa 7 Disembala kunachita mitambo. Pakhomo pa ba Chisenga panalibe mlendo. Ketty anatenga chitini chija kuti akataye mpunga kudzala, koma pakhomo anaima. Anabwerera, naukhuthulira m'lichero, n'kukhala pansi.

Anaufufuza ndi chala, njere ndi njere, ngati munthu wofuna mlandu. Ankafuna kupeza kamwala, kamodzi kokha, kuti naye mkazi wa ku Kalabo akhale ndi bodza lake.

Sanapeze ngakhale kamodzi.