Fabiano Agulitsa Makutu

Pakhomo pa a Yotam Njobvu, kufupi ndi mishoni ya Kasisi, munthu sankagona ndi njala kapena ndi chidani. Iwo ndi akazi awo, a Selestina, analera mwana wawo Fabiano m'mapemphero. Lamulungu lililonse masana, Akhristu a mphakati ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo pawo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanadandaule za mtengo wa ufa. Lamulo linkalola kutsekera munthu osamutengera kukhoti, ndipo akazitape anali ponseponse. Koma a Yotam pakamwa sankatseka.

"Phungu wathu akabwera ku Chongwe timutume," ankatero kumphakati. "Akafunse ku Paliyamenti: awa otimvetsera, nanga iwo awayang'anira nindani? Lamulo ili alikonze."

Fabiano atalephera Fomu 3, khasu linayamba kumulemera. Ankangozungulira pamsika wa Chongwe, maso ali pa Dainess wogulitsa matimati, yemwe anali atatomeredwa kale ndi Langford, wotsogolera kwaya. Kumeneko ndiko anakumana ndi Greenwell, bambo wa nsapato zonyezimira amene ntchito yake palibe ankaidziwa.

"Shani, mwana?" anapereka moni Greenwell, akumugulira mowa. "Nchito ilipo. Siifuna khasu, ifuna chabe makutu."

Sabata isanathe, Fabiano anafika kunyumba atavala nsapato zatsopano.

"Wazitenga kuti izi?" anafunsa a Selestina. "Uja munthu ni kazitape, onse amudziwa. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, mkati muli nyerere!"

"Amai, imwe mudziwa chabe za kumunda," anayankha motero, mopanda manyazi.

Poyamba Fabiano ankangokanena kwa Greenwell madandaulo a azimayi a pamzere wa ufa. Greenwell anatopa nazo.

"Izi ni nkhani za pa chigayo. Nipase dzina ya munthu, olo bweza nsapato."

Fabiano anaganiza za Dainess, mtima nkumuuza kuti mwayi ndi umenewu. "Langford," anatero. "Kumphakati apandutsa anthu kuti aukire boma."

Linali bodza lamkunkhuniza. Langford chake chinali kuyambitsa nyimbo basi.

Lamulungu lotsatira, nyimbo ili pakati, galimoto yopanda nambala inaima pansi pa mango paja. Amuna a magalasi akuda anagwira Langford. Kenaka mmodzi anafunsa, "Mwine wa nyumba yamene muchitira misonkhano nindani?"

A Yotam anaimirira. Amuna aja anawakankhira m'galimoto korona ali m'manja.

Fabiano anathamangira kwa Greenwell, thukuta lili kamukamu. "Ba Greenwell, ninanama! Atate alibe mlandu!"

"Kunamiza boma ni mlandu ukulu," anatero Greenwell, osakweza mawu. "Tiye lomba ukakambe kuti unanama. Batate bako bazachoka, iwe uzangena. Tiye."

Fabiano anayang'ana nsapato zake. Kenaka anatembenuka nkubwerera kunyumba, ndipo sanauze munthu aliyense. Mantha ake anaposa chikondi chake, ndi zomvetsa chisoni.

A Selestina anapondaponda kupolisi ndi kuboma, osauzidwa ngakhale kumene amuna awo ali. Atapita kwa phungu uja, iye anayamba watseka chitseko, nkunong'ona: "Amai, za anthu aja sitifunsa, olo ku Paliyamenti."

Dzinja linadutsa, lina nkudutsanso, ndipo awiriwo anamasulidwa popanda mlandu. Langford anabwera akutsimphina, napeza Dainess akumudikirabe. A Yotam anabwera ataonda, makutu onse awiri atafa ndi mapama.

Mphakati unasonkhana kudzathokoza Mulungu. Fabiano, amene chikumbumtima chinali chitamudya mpaka mafupa, anagwada pamapazi pa atate ake nanong'ona, "Atate, ndine ninakugulitsani."

"Ati bwanji?" anafunsa a Yotam, akutchera khutu.

Anabwereza mokwezako. A Yotam anapukusa mutu.

"Ndine ninanama! Ndine ninakugulitsani! Nikhululukireni!" anakuwa Fabiano, misozi ili chuchuchu.

Bwalo lonse linamva. Dainess analavula pansi. A Selestina anakhala pansi mwadzidzidzi, manja ali kumutu. Koma a Yotam anamwetulira, nkusanjika dzanja pamutu pa mnyamatayo.

"Mwaona m'mene alilira mwana wanga?" anauza anthu. "Anali kunisowa kwambiri."

Wachinyamata iwe, usachitire mnzako umboni wonama, ndipo usagulitse makutu ako kwa anthu amene palibe wowafunsa. Kulapa kukachedwa, ukhoza kupeza woti akukhululukire sakumvanso.