Maso a Dorcas

Nedson analakwa. Anachititsa mkazi wake manyazi pagulu, maikolofoni ali m'manja, apongozi ake aamuna ali chilili pakhomo.

Mnyamatayu anali mlonda pa hotela ina ku Doha. Lachinayi madzulo azungu ankavina pahotelapo gule wotchedwa kontra, woima m'mizere iwiri moyang'anizana. Guleyu amafuna woitanira, wouza ovina chochita nyimbo ili mkati, ndipo Nedson, pokhala wa mawu okoma, anapatsidwa udindowo. Chigawo chimene ankachikonda ndi chakuti awiri amazungulirana osakhudzana, maso ali m'maso, ngati anthu ofunana.

"Musagwire dzanja, gwirani ndi maso," ankatero. "Mwetulirani pang'ono. Posiyana, cheukani."

Mkazi wake, Dorcas, wochapa zovala pahotela yomweyo, analeredwa kuti munthu waulemu sayang'anitsitsa mnzake m'maso. Tsono Nedson ankaonetsera chigawocho ndi akazi ena, Dorcas ali kumapeto kwa mzere.

Tsikulo a Macfussy, bambo a Dorcas, dalaivala wakalekale mumzindamo, anabwera kudzawatenga pagalimoto, pakuti banjali linkakhala m'nyumba mwa mkuluyo, m'dera la Al Nasr. Anafika Nedson akunena za kugwira ndi maso, kwinaku akuloza mkazi wake.

"Musachite ngati uyu! Mkazi wanga amavina ndi matailosi. Anamuphunzitsa choncho bambo ake. Eye contact, yalla! Yang'ananani m'maso, tiyeni!"

Anthu anaseka. A Macfussy anatembenuka nakadikira m'galimoto.

Kunyumba, mkuluyo anakhala pampando osavula jekete.

"Apongozi, mwambo umene mwausekawo anamuphunzitsa mwanayu ndi malemu mayi ake. Kodi pomufunsira simunanene kuti mwakonda ulemu wake?"

"Bambo, inali joke chabe. Caller, woitanira gule, amayenera kusangalatsa ma guest. Palibe amene ndinamugwira."

"Ndamva ndi makutu anga kuti mumagwira ndi maso."

Pamenepo Dorcas, amene anali atagwada pafupi ndi chitseko, anayamba kulira.

"Ababa, ndiloleni ndinenepo. A Nedson, ine ndakhala ndikuyeserera pagalasi la ku laundry, anzanga akundiseka. Ndimati tsiku lina ndidzakuyang'aneni monga mumafunira. Lero ndinalimba mtima. Mzere utandifikitsa patsogolo panu, ndinadzutsa nkhope. Inu munali kucheukira mayi wa diresi lofiira uja. Ndinaweramanso, ndiye mpamene munandiona."

"Dorcas, sindinadziwe. Pepa, mkazi wanga."

"Mukanadziwa bwanji? Mumaphunzitsa anthu kuyang'ana, koma ine munasiya kalekale kundiyang'ana."

Nedson anagwada, misozi ikugwera pa yunifolomu. Dorcas anadzutsa mutu namuyang'ana m'maso, nthawi yaitali, osaphethira, osamwetulira. Amene anayamba kuwerama anali mwamuna. Kenaka mkaziyo analowa kuchipinda namenyetsa chitseko.

A Macfussy anatambasula dzanja, ndipo Nedson anaikamo kiyi wa nyumba.

Chilango chinali ichi: Nedson anabwerera kukagona kukampu ya alonda anzake. Analetsedwa kuponda ku Al Nasr. Mkazi wake ankamuona Lachisanu lokha, tsiku la mapemphero kumeneko, kutchalitchi ku Abu Hamour, iye atakhala pabenchi la kumbuyo kwa mkaziyo, kufikira ankhoswe akumudzi atagamula ngati ukwati ulipobe.