Chingwe cha Mitu Iwiri

Mnyamata wina wokonza makompyuta anzake ankangomutcha Dokotala, ndipo dzinalo linamukhala. Lolemba lina m'mawa, akupukuta tebulo lake lodzaza mawaya, m'shopu mwake munalowa mtsikana atanyamula laputopu ndi dirayivu, kabokosi kaja koonetsera zimbale kolumikiza ndi chingwe.

"Ndamva kuti ndinu adokotala. Wodwala wanga ndi uyu," anatero mtsikanayo. "Ndikalumikiza, kompyuta sikumuona n'komwe. Kagetsi kamangophethira kamodzi, kenako zii."

Dokotala anangoyang'ana kamodzi n'kuliona vuto. Chingwecho chinali ndi mitu iwiri: wina wonyamula zithunzi, wina woonjezera mphamvu ya magetsi. Mtsikanayo ankalowetsa umodzi wokha, winawo ataumangirira bwinobwino ndi kalabala poganiza kuti ndi wapadera. Inali ntchito ya mphindi imodzi. Koma maso okongola chonchi munthu angawaone mphindi imodzi n'kukhuta?

"Matendawa ndi aakulu, aphunzitsi," ananama osaphethira. "Timugoneka. Mubwere mawa."

"Mwadziwa bwanji kuti ndine mphunzitsi?"

"Choko chili patsaya lanu."

Mtsikana anaseka akudzipukuta, ndipo Dokotala mutu unabalalikiratu.

Lachiwiri anati laputopu ikufuna mapulogalamu atsopano. Lachitatu anati timabowo take tadzaza fumbi. Tsiku lililonse mphunzitsi akaweruka ankakhala pa kampando kogwedera, nkhani zili mkati, wodwala ataiwalika pa shelefu. Mafoni nawo anayamba kutentha.

"Wodwala akupezako bwino, koma dokotala mtima ukumuthamanga. Mankhwala ake ndinu, duwa langa."

Yankho silinachedwe: "Shuga wa pakamwa panuyo, nyerere zikulumani."

"Zindilume. Ine kukunamizani ayi, ngakhale tsiku limodzi."

Analemba mawu amenewo ndi dzanja lomwelo limene linabisa chingwe m'dirowa.

Lachinayi mphunzitsi anabwera nkhope ili yakugwa, ndipo sanakhale pansi.

"Adokotala, ngati zakanika ingondiuzani. Chimbale chimene ndikufuna kuonetsa ndi cha ukwati wa makolo anga. Bambo anatisiya zaka zisanu zapitazo, mawu awo atsala m'menemo mokha. Amayi anabwera kudzandiona ndipo akubwerera mawa. Tsiku lililonse amandichingamira pakhomo n'kufunsa ngati zatheka."

Manyazi anamugwira Dokotala. Masiku onsewa sanafunse n'komwe kuti m'chimbalemo muli chiyani. Akanatha kulowa kuseri, n'kutuluka akudziguguda pachifuwa kuti wapeza vuto, ndipo mtsikanayo akanamuthokoza moyo wake wonse. Koma anatsegula dirowa, anamasula kalabala kaja mtsikana akuona, n'kulowetsa mitu yonse iwiri. Dirayivu inalira pang'ono, kenako inaonekera pa kompyuta.

"Vuto linali lomweli basi. Ndinaliona Lolemba lomwe."

Mphunzitsi anayang'ana chingwecho, kenako anayang'ana mnyamatayo, misozi ili lengelenge.

"Masiku anayi mayi anga akudikira kumva mawu a amuna awo, inu mukusewera nane?"

Analongedza katundu wake n'kutuluka osacheuka.

Dokotala anatumiza uthenga: "Ndalakwa, wapamtima. Ndinkaopa kuti ndikakonza msanga simudzabweranso." Foni inangoti zii. Anatumizanso wina, koma sanayankhidwe. Zinamupweteka kwambiri, makamaka podziwa kuti wadzichekera yekha.

Lachisanu m'mawa anatsegula shopu ngati wochokera kumaliro. Akulimbana ndi kasikuluwu kokana kumasuka, pakhomo panaima mayi wachikulire atanyamula chikwama chapaulendo. Kumbuyo kwawo kunali mphunzitsi, nkhope atailimbitsa.

"Wabodza uja ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyu, amayi."

Dokotala anaimirira. "Pepani, amayi. Ndilibe chonena."

"Khala chete, mwanawe. Chimbale chija tachionera katatu. Ndinalira mpaka mtima unakhala pansi. Ndiye uyu atandifotokozera zimene wachita, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa." Mayiwo anatula chikwama pansi. "Bambo ake a uyu anali telala. Diresi langa analisunga milungu itatu, vuto lake batani limodzi. Ine n'kumangoyendera ngati wogona!"

"Amayi, nkhani imeneyo simunandiuzepo," anatero mphunzitsi, kuseka kukumuvuta kubisa.

"Ndikanakuuza bwanji? Iwo anadzaulula iwe utabadwa kale. Uyu waulula tsiku lachinayi, ndiye ali bwinoko. Nyamula chikwamachi, mnyamata iwe, utiperekeze kokwerera basi."

Dokotala anatseka shopu mwachangu mpaka kuiwala magetsi akuyaka. Panjira mphunzitsi anachepetsa liwiro kuti ayende naye limodzi.

"Bodza lachiwiri sipadzakhala woseka, mwamva?" ananong'oneza.

"Ndamva, mfumukazi yanga."

Mtsikana anamugwira dzanja. Amayi ankayenda patsogolo akudziimbira kanyimbo, ndipo ulendo wonse sanacheuke dala.