Chikole cha Zitsulo Ziwiri

Galimoto ija inamveka isanaoneke. Inkachokera ku siteshoni ya sitima ikulira kuti kwee, kwee, ngati nkhuku yogwidwa mwendo, mpaka inadzaima pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay, pomwe a Samueli ankakonzerapo malole a thonje.

A Samueli anali ku maliro tsikulo. Kunsi kwa lole kunatuluka mwana wa mlongo wawo, Eveles, namwali wa manja a girizi amene Salima yense ankamuseka kuti adzakalambira pakhomo. Zinali zaka zija njala ya '49 itangotha kumene, ndipo mkazi wogwira sipanala anthu ankamuona ngati malodza.

Mwini galimoto anatsika. Chipewa chopendekera, nsapato za mitundu iwiri, mano onse pamtunda. Sunkachita kufunsa kuti wachokera ku Halale.

"Odi pano. Amakanika ali kuti?"

"Mwawapeza."

"Inuyo?"

"Ngati mukufuna a ndevu, bwerani mawa. Koma tayala lanulo silifika mawa."

Mnyamata uja anaseka mpaka anagwira chipewa. "Ine ndine Robert. Ndipo ndaona kale kuti a ndevu sindikuwafunanso."

Galimotoyo inali yakalekale, yakuda, koma yosamalidwa ngati mwana woyamba. Robert anali ataitsitsa kuti izioneka yonyada, n'kuikanso mawilo atsopano onenepa. Ndiye matayala ankakhula madigadi, malata ophimba matayalawo, pa bampu iliyonse.

Eveles anasakaniza phulusa ndi madzi, n'kumata kunsi kwa madigadi onse. Anamuuza Robert kuti aiyendetse m'mabampu. Itabwerera, pomwe phulusa linafufutika ndi pomwe panali vuto.

Kutsogolo sikunavute. Anatenga mpini wa khasu, n'kuulowetsa pakati pa tayala ndi madigadi.

"Kankhani galimoto pang'onopang'ono. Ndati pang'onopang'ono, achimwene, si ngolo iyi."

Tayala linkagudubuza mpini, mpini n'kumakankhira mlomo wa madigadi kunja. Posachedwa tayala linapeza malo opumira.

"Kumbuyoku mpini suthandiza," anatero Eveles. "Munachotsa chitsulo chimodzi pa sipuling'i iliyonse. Zili kuti?"

"Mu buti."

"Tizibwezeretse."

"Ayi, chiphadzuwa. Galimoto yotukuka ngati nkhokwe ndani angaicheukire?"

"Mukadzakweza anthu kumbuyo, tayala lidzalira."

"Kumbuyo ndidzakwezako ndani? Ndikungofuna munthu mmodzi, wokhala pambali pangapa."

Eveles anayang'ana kumbali. Koma kunena zoona, mtima unali utagunda kale.

Kuyambira pamenepo galimoto ya Robert inkadwala tsiku ndi tsiku. Lero huta yasasa mawu, mawa chitseko chikulira. Matenda abodza okhaokha! Loweruka masana ankapita ku nyanja, Robert n'kumusiyira chiwongolero pa mchenga, azimayi oyanika usipa n'kumasuzumira, pakamwa yasa.

"Duwa langa, ukudziwa chimene chinandipha?"

"Nanga ndidziwa bwanji?"

"Manja akowa."

Eveles anawabisa mu chitenje. "Musandiseke."

Robert anawatulutsa, n'kuwagwira onse awiri, girizi ndi zipsera zomwe. "Usadzawabisenso. Ndidzakukwatira ndi sipanala yako yomwe. Ndikanama, nyanja iyi iume."

Mungamudzudzule Eveles? Chibadwire palibe mwamuna anagwirapo manja amenewo.

Tsiku lina Robert anabwera ndi phukusi lolemera, lokulungidwa mu duku watsopano wa maluwa achikasu. M'kati munali zitsulo ziwiri zija.

"Chikole changa ndi ichi, wapamtima. Anzako amapatsidwa sopo, amatha. Iwe ndakupatsa chitsulo."

Eveles anachita zimene mwana wolangidwa amachita: anakachionetsa kwa malume ake. A Samueli anachinyamula, n'kupukusa mutu.

"Ndakula ndaona zinthu. Komabe chikole ndi chikole. Ndachiona, kachisunge."

Nkhani inamwazika msika wonse. Aja ankaseka anayamba kunong'onezana kuti tiona ngati n'zoona.

Mvula itayandikira, Robert anayamba kusowa. Ankangotumiza timakalata kwa madalaivala a malole: "Nthiti yanga, ndili ku Khombedza kugula mpunga. Tulo sindikulipeza." Eveles ankawerenga, n'kumwetulira, n'kubwereranso kunsi kwa lole. Ankhoswe amene Robert analonjeza kutumiza sankaoneka.

Ndiye linafika Loweruka lija, dzuwa lili paliwombo.

Kwee, kwee, kwee. Ulendo uno kulirako kunali ndi fungo la mphira wopserera. Galimoto yakuda inkabwera itakhala pansi kumbuyo, utsi uli tolotolo. Woyendetsa anayesa kudutsa osacheuka, koma msewu wa ku Senga Bay ndi umodzi, ndipo tayala linakana. Inaima pamaso penipeni pa mtengo wa mango.

Robert anatsika atavala suti yoyera. Kumbuyo kunali bambo wamkulu ndi mayi wamkulu, bokosi la malata, thumba la mpunga. Kutsogolo, pa mpando wa Eveles, kunali mtsikana wokongola.

Azimayi ochokera ku msika anatula madengu awo. Nkhani yotere ndani angaidutse?

Robert anayang'ana pansi. "Achemwali, tatithandizani. Tayala likukhula."

Achemwali? Duwa lija, nthiti ija, lero achemwali?

Bambo wamkulu uja anatulutsa mutu pawindo. "Chita changu, mwanawe. Ine ndine Pitala, malume ake a Robert. Tikupita ku chinkhoswe chake ku Senga Bay. Uyu ndi Maggie, mbeta yathu, watsika sitima lero. Awa ndi azakhali ake."

Mawu aja anamubaya Eveles, ndipo kumbuyo kwake wina anayamba kale kuseka. Mawa msika wonse udzati chibwenzi chija anachilota. Analowa m'nyumba, n'kutsamira khoma, misozi ili mbwembwembwe. Ankamukonda Robert. Ngakhale pa nthawi imeneyo ankamukondabe, ndipo ndicho chinkapweteka kwambiri.

Akanatha kukhala momwemo, tayala liphulike lokha kutsogoloko. Koma anapukuta nkhope, n'kusolola phukusi kunsi kwa bedi.

Atatuluka sanapite kwa Robert. Anakagwada pamaso pa a Pitala, amene tsopano anali atatsika, n'kuika phukusi pa mapazi awo.

"Mankhwala a galimotoyi ndi awa, bambo. Koma sindingawaike ndisanawabweze. Ichi ndi chikole chimene mwana wanu anandipatsa. Chikole sabwezera kunsi kwa galimoto. Amabwezera pamaso pa akuluakulu."



"Zinali zocheza chabe, malume," anatero Robert. "Zitsulo zakutha zingakhale chikole?"

A Samueli anadzuka pa chitsa pomwe anakhala. "Zocheza sakulunga mu duku watsopano. Ndinachiona ndine, malume wake wa mwanayu."

A Pitala anatembenuka. "Robert, duku uyu unagula ndiwe?"

Robert anatsegula pakamwa, koma amene anayankha ndi Maggie. Anatsika m'galimoto mwakachetechete, n'kumasula duku wa kumutu kwake. Anamuyala pambali pa phukusi lija. Maluwa achikasu omwewo, nsalu imodzi.

"Anandiuza kuti m'sitolo munali mmodzi yekha," anatero Maggie.

"Kalanga ine," anatero azakhali, manja kumutu.

A Pitala anavula chipewa. Anawerama, munthu wamkulu, n'kunyamula zitsulo zija ndi manja awiri.

"Mwana wanga, tachilandira. Unali mbeta yathu ife osadziwa. Wolakwa ndi wa kwathu, ndipo tidzabwera kudzapepesa mwa mwambo. Anthu onsewa amve: mwanayu sananame."

Aja ankaseka aja anayang'ana pansi.

Eveles anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo. "Tsopano ndi zitsulo chabe. Bweretsani jeke. Achimwene a suti yoyera, gwadani apa mugwire."

Robert anagwada. Akanatani? Eveles anakweza galimoto, anamasula mabawuti, analekanitsa masipuling'i, n'kulowetsa chitsulo chilichonse m'malo mwake. Girizi yense wodontha ankapeza suti. Pamene jeke inatsika, galimoto inaima chilili, pakati pa tayala ndi madigadi pakulowa chibakera.

Robert anayandikira, n'kunong'ona. "Duwa langa, ndimvere kaye. Anandikakamiza."

"Ndani, Robert?" anafunsa a Pitala, amene makutu awo anali akuthwa. "Si iwe unabwera kwanga ukulira kuti wapeza mkazi?"

Eveles sanamuyang'ane n'komwe. "Ntchito sinathe. Iyenera kuyesedwa ili ndi katundu yense."

"Ndiye muiyesere ku Senga Bay, achemwali," anatero Maggie. "Kwathu anthu aphika, akudikira. Ndikawauze ndekha kuti chinkhoswe kulibe. Koma uyu asandiyendetse."

A Pitala anatambasula dzanja. Robert anapereka kiyi ngati akupereka chiwindi chake.

"Iwe ubwere wapansi," anatero malume akewo. "Msewu ndi wautali, uganiza bwino. Ukakafika ukawafotokozere eni mbumba ndi pakamwa pako."

Akuluakulu anakhala kumbuyo, bokosi ndi mpunga momwemo, Maggie kutsogolo. Eveles analiza injini. Mayi wina wa usipa, amene ankatsogolera kuseka, anayambitsa nthungululu, anzake onse n'kulandira. Galimoto inanyamuka, n'kumusiya Robert m'fumbi, suti ili mawangamawanga.

Anadutsa bampu yoyamba. Zii. Yachiwiri, yaikulu, ya pa kamlatho. Zii. Azakhali anaombera m'manja.

Maggie anacheuka, n'kuona misozi ikutsika pa masaya a Eveles, manja ali gwa pa chiwongolero.

"Achemwali, mukulira?"

"Eya, ndikulira. Ndinkamukonda."

"Inenso."

Anayenda pang'ono. Kenako Maggie anafunsa, "Kodi kuyendetsaku n'kovuta?"

Eveles anapukuta maso ndi mkono, n'kuseka koyamba tsiku limenelo.

"N'kosavuta kuposa amuna. Ikani dzanja apa, ndikuonetseni giya yachitatu."