Gulo Wakhudza Phazi la Apongozi

Chitseko cha nyumba ya a Bernadetta chinamenyedwa mwamphamvu mpaka nkhuku zomwe zimatola pakhonde zinabalalika. Falesi anangoti njo panja, mwana ali kumbuyo, mawu a mayi ake akutulukira pazenera.

"Wandikhudza! Mkamwini wandikhudza phazi masana dzuwa likuswa mtengo! Pita ukamuuze mwamuna wakoyo kuti mawa malume ako akubwera. M'mudzi muno muchoka chimodzi, kaya ndi iyeyo, kaya ndi chidole chakecho!"

Mwamunayo anali Yeremiya, wa kwa Kaphuka, yemwe anabwera chikamwini m'mudzi wa akazi ake m'munsi mwa phiri la Dedza. Masana amanola macheka kumalo ochekera matabwa a paini, mamawa ndi Loweruka amalima kachewere m'munda wa apongozi. Chikwatirireni sanawayang'anepo apongozi akewo m'maso. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, kaya kuli mame kaya chisoso, n'kudikira adutse. Mawu onse amadzera mwa Falesi, mwana wamkazi yekhayo wa a Bernadetta. Ulemu wotere mukanaupeza kuti? Koma a Bernadetta ankati mkamwini wawo ndi mwana wovala thalauza la akulu.

Chidole chomwe amanenacho chinali kagalimoto koyendera rimoti. Yeremiya anakatola pa kaunjika kumsika wa pa boma chaka chija anthu anavotera matipate, kali kothyoka tayala, kopanda chivindikiro. Wogulitsa anachita kumuseka. Koma munthu uja, abale inu, anali ndi manja! Anachotsa mota yake yothamanga n'kuikamo ya wailesi yakaseti yakufa, nalumikiza timagiya ta wotchi yapakhoma kuti kaziyenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu. Matayala anasema kumphira ya tayala la thirakita, n'kuwadula mano ndi lumo. Masipuling'i anazula m'mabolopeni. Ataona kuti kakumagwa chagada pokwera, anasungunula mtovu wa batire yakale n'kuuthira m'matayala akutsogolo kuti mutu uzilemera. Mwala womwe munthu amakwera chokwawa, iko kamakwera kakugwedeza mutu, ndipo anakatcha Gulo.

Poyamba nayenso Falesi ankamunyoza Gulo. Koma anazindikira kuti mwamuna wake amaseka malo amodzi okha, pathanthwe la kuseri kwa nyumba, Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Tsiku lina Yeremiya anamupatsa rimoti ija.

"Osamukankha ayi, mayi a Chifundo. Munyengerereni. Tayala lililonse lipeze pake pogwira."

Falesi anamunyengerera, Gulo anakwera, ndipo chiyambire tsiku limenelo rimoti inkakhala m'manja mwake kuposa mwa mwini wake. Za zimenezi m'mudzi simunadziwe munthu.

Lamulungu la phokoso lija ndi Falesi amene amayendetsa. Gulo anafika pamwamba pa thanthwe, n'kutsetserekera mbali ina komwe iwo samaona. Ndani akanadziwa kuti a Bernadetta akhala pomwepo, miyendo atatambasula, akusankha nyemba padzuwa? Gulo anakwera phazi lawo bwinobwino ngati mwala wina uliwonse, tayala n'kukola m'chitenje. Mfuu yake inamveka mpaka kudambo. Yeremiya anatsomphola rimoti kuti amubweze, ndipo a Bernadetta potukula maso anaona mkamwini wawo ali pamwamba pa thanthwe, rimoti ili m'manja.

Falesi atalowa m'nyumba ndi uthenga wa mayi ake, anapeza Yeremiya akupukuta Gulo ndi kansanza.

"Ndikawauza kuti ndinali ine," anatero.

"Ayi. Inu ndi mayi anu musadane chifukwa cha ine. Ine ndine mlendo, ndipepesa."

"Mlendo? Mwana uyu ndinabereka ndi mlendo?"

Yeremiya anangopitiriza kupukuta tayala lomwe linali loyera kale, ndipo Falesi anapsa mtima, osadziwa kuti wapsera mayi ake kapena mwamuna wofatsa mopitirira chonchi.

M'mawa mwake kunazizira kwambiri, nkhungu ili thi paphiri. A Zikhalo, mlongo wawo wa a Bernadetta, anafika atavala jekete ziwiri ndi kapusi ya chipani. Iwowa ndiwo anali eni mbumba. Ntchito yawo inali yopikula kachewere n'kukagulitsa mumsewu waukulu, ndipo mlandu amaugamula ngati akutsatsa malonda, mofulumira kuti minibasi isawasiye. Anakhala pampando pakati pa bwalo. A Bernadetta anakhala pamphasa, phazi lokhudzidwalo atalitambasula kuti aliyense alione, ngakhale panalibe ndi kachilonda komwe. Yeremiya ananjuta patali pafupi ndi nkhokwe, nkhope atalozetsa kumbali, Gulo ali pambali pake. Amayi a nyumba zoyandikana anayamba kusesa mabwalo omwe anali atasesa kale.

"Nkhani ndi yaifupi," anayamba a Zikhalo. "Mkamwini sakhudza apongozi. Izi ngakhale matipate sanasinthe."

"Malume, sanawakhudze. Ndi kagalimoto," anatero Falesi.

"Iwe, munthu akakugenda, mlandu ndi wa mwala kapena wa dzanja? Chinthu ichi sichiyenda chokha. Chimapita komwe mwini wake wachituma."

"Ndiye dzanja lake ndi ili." Falesi anatukula dzanja lake lamanja. "Ndinali ine. Bambo a Chifundo anangolanda rimoti kuti akabweze."

A Bernadetta anaseka chikhakhali, akuomba m'manja. "Tamumvani! Wafika ponamizira dzanja lake lomwe kuti ateteze mwamuna. Iwe ungayendetse chimenechi? Wakudyetsa chiyani munthu ameneyu?"

Falesi anamasula mwana n'kumupereka kwa Yeremiya, natenga rimoti. Gulo anadzuka, anadutsa pakati pa bwalo ali phee, anakwera mulu wa njerwa zomwe Yeremiya anaumbira apongozi ake, tayala lina lili m'mwamba, ena atagwira, mpaka anakaima pamwamba penipeni. Amayi osesa aja matsache anaima. Mmodzi anayamba nthungululu, n'kuimeza msanga ataona nkhope ya a Bernadetta.

Mukuganiza kuti mlandu unathera pomwepo? Ayi ndithu, mpamene unakula.

"Mwaona, achimwene?" anakuwa a Bernadetta, misozi ili mbwembwembwe. "Wandipengetsera mwana! Ndinalera mkazi wa khasu, lero akusewera ndi zidole pamwala ngati alibe pakhomo. Anthu akundiseka kuchigayo. Chichoke chinthu chimenechi, ndatopa nacho!"

A Zikhalo anasuzumira kumsewu, kenaka anakonza kapusi. "Chabwino. Kaya anayendetsa ndani, chinthuchi ndi cha mkamwini. A Yeremiya, ngati banja mukulifuna, tengani musi uwo muchiphwanye ndi manja anu, pano, tonse tikuona. Mukakana, njira ya kwa Kaphuka mukuidziwa. Mwana ndi mkazi ndi athu, atsala."

Yeremiya anamukhazika mwana pansi mosamala. Anatsitsa Gulo panjerwa paja n'kumuika pa dothi, natenga musi womwe unatsamira mtondo. Anatukula musi, misozi ikutsikira m'ndevu.

Falesi anadumpha n'kuima pakati pa musi ndi Gulo.

"Bambo a Chifundo, mukangomuphwanya, amene akusiyeni ndine, osati amayi."

"Mayi a Chifundo, chonde, ndi kachitsulo chabe. Inu ndi mwana..."

"Tsitsani musiwo!"

Musi unatsika. Falesi anatembenukira kwa mayi ake, ndipo mawu omwe anawasunga nthawi yaitali anatuluka onse.

"Amayi, munthu uyu mwamudya mokwanira. Munda wakumtunda anathyola ndi iye. Malata a nyumba yanu anakhoma ndi iye. Mutadwala chibayo, anakukwezani pa njinga mpaka kuchipatala cha pa boma, akukankha chotembenuka kuti asakuoneni nkhope, mpaka anagwera m'ngalande. Munathokoza? M'mudzi muno alibe munda, alibe mawu, ngakhale mwana wake mukuti si wake. Chake chenicheni ndi kachitsulo aka basi, kotola pa kaunjika. Nakonso mukuti aphwanye yekha, inu mukuonerera?"

"Iwe Falesi, ukuyankhula ndi mayi ako!" anakalipa a Zikhalo.

"Ndikudziwa, malume. N'chifukwa chake ndikulira."

Analiradi, koma sanasiye. Analowa m'nyumba, chitseko n'kuchimenya mpaka fumbi linagwa kudenga. Anthu anamva mapoto akugundana. Potuluka anali ndi mtolo wa zovala ndi ziwiya, bokosi la zipangizo za Yeremiya lili kukhwapa. Anabereka mwana, namangitsa chitenje kawiri.

"Tiyeni, bambo a Chifundo. Kumacheka kuli nyumba za antchito. Tikagona m'chipinda chimodzi ndi Gulo yemwe."

A Zikhalo anaimirira, mpando n'kugwa. "Chitengwa sichiyenda chonchi! Pamakhala ankhoswe, pamakhala kupempha. Ndani wakuloleza?"

"Chitengwa ndi cha munthu wotengedwa, malume. Ine palibe akunditenga. Ndikupita ndi miyendo yangayi."

Apa mpamene a Bernadetta anazindikira kuti si zoopseza. Ana awo aamuna anali atapita kale chikamwini kumidzi ya eni. Wotsala pakhomo, wodzalandira minda, wodzawatsekera maso, anali yemweyu wasenza mtoloyu.

"Falesi, mwana wanga, minda yonseyi ndisiyira yani? Ukundisiya ndekha chifukwa cha chidole?"

"Si chifukwa cha chidole, amayi, ndipo mukudziwa."

Falesi anayamba kuyenda. Yeremiya ananyamula Gulo, naima kaye ngati munthu wosadziwa ngati akulota, kenaka anatsatira mkazi wake. A Bernadetta anadzambatuka pamphasa, phazi lodwala lija litachira pompo. Anathamanga, osalunjika kwa mwana wawo, n'kukagwira mkono wa Yeremiya ndi manja onse awiri.

"Bambo, bambo anga, musanditengere mwana! Muuzeni abwerere, inu akumverani. Chinthu chanucho sungani, muziyendetsa pomwe mufuna, ngakhale pakhonde panga. Ndapota nanu, bambo!"

Aka kanali koyamba kuti amuyankhule maso ndi maso. Yeremiya anauma thupi lonse, nkhope atapotolera kumbali, osadziwa kothawira poti mkono unali wogwidwa. Amayi a matsache aja anagwira pakamwa. Falesi anatula mtolo, nayang'ana manja a mayi ake pamkono wa mwamuna wake, kenaka anayang'ana a Zikhalo.

"Malume, mwaona nokha. Apa palibe mwala, palibe rimoti. Ndi manja awiri, anthu onse akuona. Mlandu uwu mugamula bwanji? Atenge musi ndani?"

A Zikhalo anavula kapusi, anaiyang'ana mkati, n'kuivalanso. A Bernadetta anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina, ndipo pang'onopang'ono zala zinamasuka. Anakhala pansi pomwepo panjira, pafumbi.

Falesi mtima unamupweteka koopsa, poti mayi ndi mayi. Anagwada patsogolo pawo, nawakonzera mpango womwe unali utagwa.

"Lamulungu tizibwera kudzakuonani. Mudzatiyalire mphasa imodzi, ine ndi amuna anga, ndipo mudzawapatse moni ndi pakamwa panu. Mukadzatha zimenezo chaka chathunthu, za minda tidzakambirana."

"Ndiye khalani lero lomwe, ndiyamba lero," anadandaula a Bernadetta.

"Lero mukuopa, amayi. Ndikufuna mudzawapatse moni tsiku lomwe simukuopa kanthu."

Anasenzanso mtolo wake. Yeremiya ananong'ona kuti mwina agoneko usiku umodzi wokha, mayi angadwale. Falesi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Yendani, bambo a Chifundo. Mukacheuka, ndikusenzetsani mapotowa."

Yeremiya anayenda. A Bernadetta anaitana dzina la mwana wawo mpaka mawu anasasa, ndipo Falesi analira njira yonse yokwera kumacheka, koma sanacheuke.